Kathebulo ka Chifundo

Ndikuvomera pamaso pa anthu onse: ndinachita nsanje chifukwa cha kathebulo.

Ine ndi Chifundo timataipira anthu pakompyuta m'kashopu kena pa Songani. Mlongo wake wa ku Joni anamutumizira kathebulo koika pamwamba pa desiki. Ukakoka kachitsulo, kompyuta imakwera, iwe n'kumataipa choimirira. Makasitomala onse anasamukira kwa iye kukaonerera. Ine, munthu woti ndinalawako koleji, ndinatsala ndikuingitsa ntchentche.

Tsiku lina kunabwera a Matiki, mkulu wa mpingo. Ndinawanong'oneza kuti, "Bambo, mwana uyu ulemu alibe. Inu mukhale pansi, iye azikuimirirani pamutu?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ife kumishoni anatiphunzitsa kuimirira wamkulu akalowa. Mnzakoyu waimirira. Nanga iwe, wamera mizu pampandopo?"

Ndinadzambatuka, mpando n'kugwa. Chifundo anatsokomola, koma sichinali chifuwa.

Kuyambira pamenepo, a Matiki akalowa ndimataipa choimirira, nditaweramira desiki yanga yaifupi ngati ndikupalira chimanga. Msana ukuwawa.

Dzulo Chifundo anati, "Aise, ndikubwerekeko kathebuloka?" Ndinakana mwaulemu, ndikudikira kuti afunsenso. Sanafunsenso. Mwanayu ulemu alibedi.