Ndinagwira mkono wa apongozi pamaso pa anthu

Usiku wathawu ndinalota zoti mpaka pano ndikazikumbukira ndikufuna nthaka indimeze. Kuti mumvetse, anzanga, ndiyambe ndi zenizeni. Ndikufuna kutsegula shopu ya majuwisi ndi tiyi m'dzina la kampani ina ya m'tauni. Lamulo lawo ndi lakuti mwini shopu ayambe waphunzira iyeyo, kenako aphunzitse yekha antchito ake onse, eni kampani akuonerera. Wantchito mmodzi akalephera, chikwangwani chawo sakupatsa, shopu sutsegula. Tsono mwa antchito anga muli apongozi anga, mayi a mkazi wanga. Anadzilemba okha ntchito, ati thobwa anayamba kuphika ine ndisanabadwe. Ine mkamwini ndikanati chiyani?

Ndiye m'malotomo ndinali m'shopu muja, koma pansi panali mchenga wokhawokha. Mayi wa kukampani, wodzatiyesa uja, anakhala pampando wautali atavala zoyera. Anati, "Bambo, aonetseni antchito anu kasambidwe ka m'manja." Kucheuka, antchito ena onse asowa, atsala apongozi okha, ataima pamakina ogayira zipatso. Inu mukudziwa, chikwatirireni ine sindinawayang'anepo kumaso mayi amenewa. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire. Ndiye lero ndiwauze kuti m'manja mwawo ndi mwakuda?

Ndinanjuta kuseri kwa firiji n'kumalankhula ndi khoma. "Akuti mwina madzi alipo pampopipo." Woyesa uja anati sakumva. Ndinaitana mkazi wanga kuti andiperekere mawu, koma iye anali padenga akuyanika ufa.

Kenako shopu inadzaza ndi anthu a kumpingo kwathu, mzere mpaka kumsewu. Apongozi anataya kapu ya kukampani yoyezera shuga, ati n'chidole cha ana. Shuga akutapa ndi dzanja. Anasolola chipande m'chitenje, kuvundula juwisi, kulawa, kubwezera momwemo. Aliyense wogula akumuthirira basela mpaka kusefukira. "Imwa mwana wanga, waonda iwe." Makapu a ogulawo anayamba kukula mpaka anasanduka ndowa. Woyesa anakwera pakhomo n'kuyamba kuzula misomali ya chikwangwani chathu ndi mano.

Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinalumpha kauntala, n'kuwagwira apongozi pamkono, n'kukuwa, "Mayi inu, kodi simukumva? Muno si kukhitchini kwanu!"

Makina anazima okha. Kuyang'ana pamzere paja, sanalinso a kumpingo, anali ankhoswe athu ndi amalume a mkazi wanga, ndowa zili m'manja, maso onse pa ine. Woyesa yekha ndiye anaomba m'manja. Anati, "Mwakhoza bambo, kuphunzitsa kwake n'kumeneku," n'kundikoleka chikwangwani chija m'khosi.

Apongozi sanakalipe ayi. Bola akanakalipa. Anavula epuloni ndi dzanja limodzi, anaiika pakauntala, kenako anagwada pamchenga paja, munthu wamkulu ngati uja, kugwadira ine, n'kunena motsitsa, "Pepani abwana." Mayo ine! Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Ndimati ndiwasiye, ndithawe, koma dzanja langa linali litamatirira pamkono pawo. Ndikamakoka, iwo akungobwereza, "Pepani abwana, pepani abwana."

Ndinadzidzimuka mkazi wanga akundigwedeza, ati ndimusiye mkono ndikumupweteka. Anandifunsa chomwe ndimalota. Ndinati agalu amandithamangitsa. Ndikanayambira pati?

Tsono vuto lake ndi ili. Maphunziro enieni akuyamba Lolemba, ndipo m'mawa uno apongozi atumiza mawu kuti epuloni asoketsa kale, komanso chipande abwera ndi chawo, poti cha kukampani sakuchikhulupirira. Inu odziwa kumasulira, tandithandizeni. Malotowa akundichenjeza kuti nditseke pakamwa shopu ipite, kapena akuti ndilimbe mtima manyaziwo ndidzawasenze? Koma wina asandiuze kuti ndingowachotsa ntchito, pokhapokha ngati wokawauzayo ndi iyeyo, ine nditabisala kuseri kwa firiji.