Mgolo wa ku Fiyeta

Maganizo opita ku Joni anandifikira tsiku limene ndinagulitsa ukonde wa malemu amuna anga. Wogulayo atausenza, ndinakhala pakhonde n'kuona kuti pa Chipoka palibenso chondigwira kupatula mwana wanga Lusiya, amene anali mu Sitandade 3. Ndinamusiya m'manja mwa akulu anga, n'kumulonjeza kuti ndibwera chaka chamawa. Chaka chamawacho chinabala zinzake khumi ndi chimodzi, ndipo kumudzi dzina langa linasanduka mtchona.

Ku Durban ndinayamba ndi kukolopa m'makhonde a chipatala china chachikulu. Abwana ataona kuti sindilumpha ngodya, anandisamutsira ku fiyeta, chipinda chochitiramo opaleshoni, kuti ndizikatsuka ndi kuwiritsa zipangizo. Kumeneko n'kumene ndinaphunzira kuopa zinthu zosaoneka ndi maso. Bala la wodwala likangochita mafinya, kunkabwera anthu ndi timitengo tathonje n'kumapaka paliponse, pampope, pachitseko, ngakhale m'mphuno mwa ife antchito, kuti akayeze komwe mabakiteriya abisala. Poyamba ndinkaseka. Mapeto ake ndinakhala mmodzi wa opakawo, wovuta kuposa onse, mpaka anzanga ankanditcha wapolisi.

Ndalama ndinkatumiza, sindinalumphepo mwezi. Koma musanyengeke ndi kunenepa kwa pazithunzi, ndinkasungulumwa koopsa. Lamulungu lonse linkatha ndili m'kachipinda kanga, foni m'manja. Mauthenga a Lusiya poyamba anali aatali, odzaza nkhani za kusukulu, kenako anayamba kufupika chaka ndi chaka mpaka anangotsala akuti, "Talandira, zikomo." Ukwati wake ndi msodzi wa ku Mbenji ndinauonera pafoni.

Tsiku lina akulu anga anaimba. "Lusiya watopa, miyezi isanu ndi itatu," anatero. "Mwana wakhala chopingasa, akuti ndi wa opaleshoni basi. Koma pachipatala pathu pano pavuta, mng'ono wanga. Amayi akachitidwa opaleshoni mabala akutukusira. Mmodzi tamuika dzana." Mlungu womwewo ndinakwera basi.

Lusiya anandilandira mwaulemu ngati mlendo. Nditamuuza kuti tipite ku Lilongwe akachilire kumeneko, anandiyang'ana n'kuti, "Mwafika dzulo, lero mukufuna kundinyamula ngati katundu? Ine ndichilira konkuno." Ngati mwana wanga akalowa m'fiyeta imeneyo, ndiye kuti ine ndinayenera kulowamo poyamba.

Mwayi wake namwino wamkulu pachipatalapo, a Nabanda, tinkakhala benchi limodzi kusukulu. Nditawafotokozera ntchito yanga anaseka motopa. "Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Bwerani mutimete, ife zatikanika." Anali atayesa zonse. Makoma anapakanso penti, nsalu ankaziwiritsa kawiri, ndipo kunja anthu anali atayamba kunong'onezana kuti adokotala ali ndi dzanja loipa.

Tinakhala pansi ndi buku la fiyeta, n'kuchonga masiku a amayi onse amene mabala awo anavuta. Ndinafunsa chimene chinkasiyana pamasiku amenewo: dokotala, nsalu, magetsi. Palibe. A Nabanda ndiwo anakumbukira kuti inali milungu imene mipope inauma. Ndinafunsa kuti madzi osamba m'manja ndi otsukuluzira zipangizo ankachokera kuti. Anandilozera mgolo wabuluu kuseri kwa chitseko, wovindikiridwa bwino, kunja kwake kuli phuliphuli.

Mwini mgolowo anali Abiti Saidi, mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana ndi ya akulu anga, amene wakolopa pachipatalapo kuyambira ndili mtsikana. "Mgolo uwu chiubweretsereni sunaumepo, mwana wanga," anatero monyadira. "Mipope ikauma, ine ndowa pamutu. Madzi akangotsika pang'ono ndimathiramo ena."

Ndani kwathu angawadzudzule? Tonse tinakula tikuuzidwa kuti mtsuko wouma ndi manyazi a mkazi, madzi atsopano amathiridwa pa akale. Ndinavala gulovu n'kupisa mkono mpaka pansi pa mgolo. Zala zinatuluka ndi ndere zoterera. Ndinapaka timitengo tathonje timene ndinabwera nato mmenemo, m'masinki ndi pamabala a odwala awiri, ndipo a Nabanda anatumiza ku labu ya ku Lilongwe. Zotsatira zitabwera, mabakiteriya a m'mabala anali omwewo a pansi pa mgolo.

Uwapolisi wanga unadzuka. Ndinalemba lipoti monga tinkachitira ku Durban, cholakwika ndi dzina la wolakwayo. A Nabanda anawerenga n'kundibwezera pepalalo. "Dzinali mulichotse. Kodi anakuuzani kuti Lusiya ali mu Sitandade 6 anakomoka ndi malungo? Akulu anu anali kumaliro ku Senga Bay. Anamubereka kumbuyo mpaka pano ndi mayi ameneyu, ndipo anagona naye pansi masiku asanu. Anakubisirani kuti musadandaule ku Joni kuja."

Ndinachita manyazi mpaka makutu kutentha. Masana omwewo ndinapita kunyumba kwa Abiti Saidi, ndinagwada pamphasa n'kuwafotokozera pang'onopang'ono kuti tizilombo timaswana m'madzi okhalitsa, ngakhale akuoneka oyera.

"Ya Allah," anatero Abiti Saidi. "Ndiye kuti mwana wa eni amene tinamuika uja ndinamupha ndine?"

"Ayi, amayi. Palibe amene anakuuzani. Ophunzira onse aja ankasamba momwemo."

M'mawa mwake tinawapeza atafika kale kuchipatala, mgolo ataukunkhuniza okha mpaka pabwalo. Anaukhuthula anthu akuona, anaukwecha ndi klorini, n'kuusiya chozondoka padzuwa. Fiyeta inatsekedwa masiku anayi, odwala akutumizidwa kuchipatala cha kuboma, ife tikutsuka chilichonse kuyambira kudenga. M'malo mwa mgolo munabwera ndowa zokhala ndi mpope, madzi ake othira mankhwala, ndipo lamulo linali lakuti pofika madzulo otsala onse atayidwe, ndowa zigone zouma. Abiti Saidi anadzipereka okha kuyang'anira lamulolo, ndipo anali ovuta kuposa ine. Ndinawamvapo akukalipira adokotala enieni kuti asiya madzi m'ndowa.

Tinapakanso timitengo kachiwiri, zotsatira zinabwera zoyera. Patangopita masiku atatu Lusiya analowa m'fiyeta, n'kutuluka ndi mwana wamkazi wolira ngati wakwiyira dziko lonse. Anthu analulutira, koma ine mtima sunatsike, chifukwa ndimadziwa kuti bala limaulula mochedwa. Mlungu wonse ndinkangomugwira pachipumi ndi kununkhiza bandeji, mpaka iye anati, "Amayi, mundidwalitsa ndinu."

Tsiku lachisanu ndi chiwiri a Nabanda anamatula bandeji ine nditaima pambali. Bala linali louma, lolumikizana bwino, lopanda ndi kadontho komwe. Ndinakhala pansi pasimenti n'kulira mokweza, mayi wamkulu ndithu, odwala ena akundiyang'ana.

Ndinabwera ndikudziona ngati wodzapulumutsa anthu osasamala. Ndinapeza kuti kwathu anthu amasamala mpaka kusenzera ana a eni madzi pamutu popanda wowatuma, ndipo chimene chinasowa chinali munthu woti akhale nawo pansi n'kuwauza. Ndinapezanso kuti pamene ine ndinkatumiza ndalama, ena ankalera.

Lusiya anakonza mwana pachifuwa n'kuti, "Kaitaneni agogo ake a mwanayu, ali pabenchi panjapo chiyambire m'mawa, akuopa kulowa." Ndinadziwa kuti sakunena ine, ndipo zinandibaya, koma ndinadzuka n'kupita. Abiti Saidi anangondiyang'ana kumaso. Ndinati, "Lauma, amayi." Anaphimba nkhope ndi mpango.

Titalowa, Lusiya anapinda miyendo pang'onopang'ono, akuluma mano ndi ululu, mpaka pabedi panapezeka malo a anthu awiri.