Udzudzu wa a January

Ku Chilobwe mukafunsa za a January, anthu sakuuzani za nkhope yawo. "Aja a khutu aja?" amatero, nkukulozerani nyumba ya mpanda wa malata kuseri kwa msika. Bambowa anabadwira ku Nsanje, nabwera m'tauni akadali mnyamata. Unyamata wonse anaudyera ku Makata, pa fakitale ina yokhoma mapoto, kumene makina ankagunda moti anthu ankalankhulana ndi manja. Fakitaleyo itatsekedwa, anzawo anatsegula maokala, koma iwo anagula mikisa yosakanizira mawu, maikolofoni ndi kompyuta, nkumata matileyi a mazira m'makoma a chipinda cha ana. Anayamba kujambula makwaya.

Ndipo ntchitoyo ankaitha, tisawanamizire. Munthu mmodzi akaphonya mawu pakati pa gulu lonse, a January ankaimitsa nyimbo nkumuloza ndi chala, maso ali chitsinzinire. Makwaya ankachokera ku Bangwe, ku Zingwangwa, ngakhale ku Lunzu. Masitudiyo a m'tauni anali ndi zida zonyezimira, iwo anali ndi khutu basi, ndipo khutulo ndilo linkadyetsa banja.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mwana wawo Noel, yemwe amagwira ntchito ku Joni, anatumiza rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, kuti azicheza ndi mayi ake pafoni. Kompyuta ya nyimbo a January anailumikizanso pomwepo. Mwezi womwewo a Vitalis, mtsogoleri wa kwaya ya tchalitchi china cha ku Soche, anabwera ndi gulu lawo kudzajambula chimbale. Anaimba bwino, nabalalika. A January atavala mahedifoni kuti akonze nyimbozo, nkhope inachita tsinya.

"Muli udzudzu," anatero. Ndi mmene ankatchulira kaphokoso kaja ka ng'iii kamene kamalowa m'nyimbo nthambo zikasokonezana.

A Vitalis anamvetsera, namvetseranso. "Ine ndikumva zabwinobwino, bambo."

"Inu mumamva ndi mtima. Ine ndimamva ndi khutu."

A Vitalis anangovomera. Ndani angatsutsane ndi khutu la a January?

Ku Limbe, mwini sitolo ina ya zamagetsi anawauza mawu amodzi amene anasanduka nyimbo ya pakhomo: kupatula. Zida za nyimbo zisadyere mbale imodzi ndi mafoni, anatero. Mwini sitolo sangakuuzeni kuti musagule kanthu. A January anabwerako ndi rauta yachiwiri ndi mpukutu wa nthambo. Kompyuta anaipatula payokha. Mafoni onse anawachotsa pa intaneti ya kompyutayo. Anakokera chipindacho nthambo yakeyake kuchokera pa mita ya magetsi, nakhomera chitsulo m'nthaka kuseri kwa zenera, nkumachithirira madzi amchere ngati mbande ya tomato. Akazi awo, mayi Idah, anayamba kuchitchula chipindacho kuti malo opatulika, nkumafunsa ngati afunika kuvula nsapato akamabweretsa tiyi.

Udzudzu sunachoke. Ndiye anazima ndi rauta ya Noel yomwe, poganiza kuti mphepo yake ikudutsa khoma. Mayi Idah anayamba kukapempha intaneti kwa aneba kuti amve mawu a mwana wawo. Sanadandaule, koma nthabwala za nsapato zinatha.

Kenaka inafika nthawi ya filiji.

"Mayi a Noel, filiji yanuyi ndiyo ikubweretsa udzudzu."

"Filiji imeneyi tinagula Noel ali ku pulayimale. Yayamba liti kuluma?"

"Ndikamagwira ntchito izikhala yozima."

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo mayiwa ankagulitsa mafilizesi kwa ana asukulu. Mafilizesi anasungunuka tsiku loyamba, lachiwirinso chimodzimodzi. Mapeto ake anaikweza filijiyo pa wilibala kupita nayo kwa mng'ono wawo kumtunda, ndipo iwo omwe anayamba kuswera komweko. M'nyumba munatsala a January ndi nthambo zawo. Chala sichiloza mwini: anakayikira chigayo cha patsidya pa msewu, anakayikira wowotcherera zitsulo wa pamsika, nayambanso kudandaula kuti anthu a masiku ano amalankhulira m'mimba, munthu mpaka ufunse kawiri.

Zopatula zitatha, anaganiza zoupha udzudzuwo m'nyimbo momwemo. Anayamba kudula mawu onse opyapyala, lero pang'ono, mawa pang'ono. Masabata anapita. A Vitalis anali atauza kale mpingo tsiku lokhazikitsa chimbale, ndipo manyazi anali atawakwana. Anatumiza mawu kuti abwera Loweruka, ndipo zikapanda kutheka apita kwina.

Lowerukalo masana a Vitalis anafika, dzuwa likutentha kwambiri. Mayi Idah anali atabwera kudzachapa, naima pakhomo la chipinda ndi beseni m'manja. A January anatsegula nyimbo yoyamba pa masipika. Oimba besi ankamveka ngati kale, koma amayi a mawu okwera ankangomveka ngati akuimbira m'bulangeti.

A Vitalis anatembenukira kwa a January. "Bambo, amayi athu aja apita kuti?"

"Dikirani. Mvetserani bwino, udzudzu ukadalipo pang'ono."

Asanamalize, magetsi anati thi! Kompyuta inazima, timagetsi ta pa mikisa tinazima, chigayo cha patsidya chinaguguda kawiri nkukhala chete. Chilobwe yense anati zii.

A January anakhala chomwecho, mutu atapendeketsa. Ng'iii.

"Chatsala choyaka nchiyani?" anafunsa. Anagwada nkuyamba kuzula mapulagi mmodzimmodzi. "Mayi a Noel, foni yanu ili pati?"

"Ili kwa achemwali. Magetsi azima, bambo a Noel. Palibe chikulira."

A January anadzuka pang'onopang'ono. Anatseka makutu onse awiri ndi zala, ndipo udzudzu uja unalira kwambiri kuposa kale, momasuka, ngati wafika kwawo. Pomwepo anaukumbukira. Ndi womwe uja unkawaperekeza akamaweruka ku Makata, nkuwasiya akafika pa siteji ya minibasi. Tsopano unabwera kudzakhala. Mantha anawagwira, mantha enieni, oposa a tsiku limene fakitale inatsekedwa, chifukwa tsiku limene lija anatuluka pageti ndi khutu lawo.

A Vitalis anali munthu waulemu. Anatola chipewa chawo, nayang'ana pansi. "Magetsi akayaka, mundiikire nyimbozo m'fulashi mmene tinaimbira muja, osakonza. Ndidzatuma munthu." Anatuluka osaponda nthambo iliyonse.

A January anakhala pa mpando, nayang'ana akazi awo. "Inu munkadziwa?"

Mayi Idah anatsitsa beseni. "Chaka chatha Noel anakuimbirani foni ili m'thumba mwanu, osaimva. Ndikanakuuzani bwanji? Tikudya chiyani pakhomo pano, si khutu lomwelo?"

Nthambo zatsopano zija zinali ndandanda m'khoma, zokhomedwa bwino, iliyonse panjira yake. Mayi Idah anapukuta manja pachitenje, nanena kanthu kena motsitsa mawu, mwina za filiji, mwina zowalimbitsa mtima. A January anaona milomo ikugwedezeka.

"Mwati chiyani?"

Mayiwo sanakweze mawu. Anazungulira kuseri kwa mpando, nawerama kukhutu linalo, nkuyesa kubwereza mawuwo kumeneko.