Kadiresi kachikasu ka kudenga

Fungo la masamba a tiyi onyowa ndi mvula, abale, mpaka lero likandipeza ndimangoima! Dzinja limenelo ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Tinkakhala m'nyumba za kampani kupitirira pa Chitakale, nthawi ija aliyense ankayenda ndi khadi la chipani, ndipo munthu ankayamba wacheuka asanayankhule.

Amayi ankathyola tiyi. Koma Loweruka lililonse ankatseka chitseko, n'kutsitsa kamtolo kudenga, n'kuchapa kadiresi kachikasu. Ankakayanika m'nyumba pampando, panja ayi, nyumba yonse fungo la sopo ndi chinyezi. Ine kadiresiko sikakanandikwana ngakhale mkono. Ndiye kanali ka ndani? Ndinkawasuzumira pa kabowo ka chitseko mpaka ndinatsimikiza ndekha: ali ndi mwana wina kutsidya kwa Ruo, ku Mozambiki kumene anachokera, ndipo tsiku lina adzanyamula kamtoloko n'kundisiya.

Ndiye iwo ali kuntchito ndinakwera pampando, kutsitsa kadiresi kaja, kukakwirira pansi pa nthochi. Ndinati tione ngati apite.

Loweruka litafika, eee! Anagubuduza mphasa, mabeseni, chilichonse. Kenako anatuluka opanda mpango, n'kuthamangira m'mizere ya tiyi mvula ikugwa, akukuwa kuti, "Rozita! Rozita!" Anthu ankangosuzumira pamawindo. Anaphiri a nyumba yoyandikana nafe ananong'ona kuti, "Tinkanena ife, mayi ameneyu ali ndi zake." Palibe anatuluka.

Ndinafukula ndi manja n'kuwathamangira, kadiresi kali matope okhaokha. Sanandimenye. Anandigwira pamkono mpaka zikhadabo zinalowa.

"Mwanawe, madzi anali ambiri," anatero. "Ndinamugwira. Ndinamugwira ndithu."

Ine mumtima ndinangoti, ndiye mwana winayo alipodi.

Zoona zake anandiuza ndi amayi aang'ono, pamaliro a amayi. Rozita anali mkulu wanga. Mtsinje unamulanda m'manja mwawo tsiku limene ankawoloka pothawa nkhondo, ine ndili m'mimba. Cha Rozita chimene chinawoloka ndi kamtolo kaja kokha.

Ndinkayesa akukonzekera kundisiya, chonsecho kusiya n'kumene kunawakanika. Lero mwana wanga Tadala akangochedwa kuyankha foni, ndimaimba kakhumi. Iye amati, "Mami, simundikhulupirira eti?" Ndimayang'ana tizipsera tinayi pamkono wanga, n'kumuuza kuti ayi, ndimangofuna kumva mawu ake. Akadula, ndimaimbanso.