Alendo Azikhala pa Sipika?

Katundu wooneka amene ine ndi mkazi wanga tinali naye ku Mangochi anali choimbira makaseti, ampulifaya ndi masipika awiri aakulu ngati migolo. Ndinazigula nditangoyamba uphunzitsi. Tsiku lomwelo, poyesa maikolofoni, ndinajambula mawu ake iye asakudziwa: "Inu, anzanu akayamba ntchito amagula mipando. Nanga alendo azikhala pa sipika?" Kenako akuseka, kenako chitseko.

Atamwalira, akutchalitchi anandisiyira mavesi okwanira mudzi wonse. Ine ndinasankha kaseti yondikalipirayo. Ndinkaiimba madzulo aliwonse ndikangofika kuchokera kusukulu, nthawi imene iye ankandilonjera.

Nyumba yathu inali yogawana khoma ndi telala wina wothawa nkhondo ku Mozambiki. Anasiyana ndi akazi awo m'tchire pothawapo. Anali ndi kawayilesi ka mabatire, waya wake atamangirira mumtengo wa mango, ndipo madzulo ankatchera siteshoni ya kwawo imene inkawerenga mauthenga a anthu ofunafuna abale awo.

Tsiku lina anagogoda, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Aphunzitsi, muli ndi njuchi m'nyumbamu?"

"Njuchi?"

"Walahi, mukangolowa inu, wayilesi yanga imalira ngati mng'oma. Lero atchula mudzi wathu, dzina la munthu ladyedwa ndi njuchi zanu."

Ndinawauza kuti ndimaphunzitsa sayansi, vutoli silichedwa. Anayang'ana pepala langa la kukoleji pakhoma, nafunsa ngati nalonso limalumikizidwa kumagetsi.

Tinagwirizana kuti ine ndizizimitsa chimodzichimodzi, iwo azimenya khoma phokoso likatha. Ndinachotsa masipika, khoma linali zii. Ndinazimitsa ampulifaya, zii. Nditaimitsa kaseti, khoma linagunda mpaka laimu anayoyokera m'tiyi. Wolakwa anali kamota kozunguza kaseti, kamene kankathetheka m'kati ndi kumwaza zinyalala zake mumlengalenga. Ndiye kuti njuchi zinkauluka pokhapokha mkazi wanga akamayankhula.

Ndinayamba ndi waya wopita pansi. Ndinakhoma msomali wautali kuseri kwa bafa, n'kumauthirira madzi ngati mbande ya fodya. Njuchi zinangosintha nyimbo. Ndinasamutsira choimbiracho kuchipinda chakutali, koma nyumba za lendi za kumeneko zilibe kutali. Ndinasiya magetsi n'kuyesa batire la galimoto lobwereka kwa msodzi wina. Linabwera ndi fungo la usipa limene linakhala nane mpaka mvula, koma njuchi zinatsala. Ndinavindikira choimbira chonse ndi sefuliya yaikulu ya mkazi wanga. Phokoso linachepa pang'ono. Abusa atabwera kudzandiona n'kupeza ndagwada pamaso pa sefuliya yoyankhula, anapemphera nthawi yaitali kuposa pamaliro paja.

Atelala anati akudziwa shehe wina kwa Mponda wolemba zithumwa. Ndinati tidikire kaye, sayansi isanyozeke pagulu.

Chotsala chinali kutsegula choimbiracho ndi kuwotcherera kachitsulo pa kamota. Ndinkadziwa kachitidwe kake. Koma lamba wake anali atatha kale, ndipo choimbira chimene chasokonezeka chimatafuna kaseti. Ndinagwira sikuludiraiva, n'kuibwezera m'kabati.

"Bwanji osangoimba nthawi ina?" anafunsa atelala.

"Nthawi yake ndi imeneyo."

"Yanganso ndi imeneyo, achimwene. Kusiyana kwake, anuwo mukudziwa kumene ali."

Iwo anakanda kumutu, kenako anati, "Komanso mayiwo akunena zoona. Khomali n'lopyapyala, ndawamva mokwanira. Gulani mipando."

Mawa lake ndinafika kunyumba, n'kuvula nsapato, osakhudza kanthu. M'nyumba munali zii moti ndinatuluka kukakhala pakhonde pa atelala, pamulu wa nsanza, kumvera mayina a anthu osawadziwa m'Chipwitikizi chimene sindinkachimva. Kaseti ndinaisamutsira m'mawa, pometa ndevu. Kukalipiridwa m'mawa n'kosiyana, koma munthu amazolowera.

Panapita miyezi. Madzulo ena atelala anadzuka mwadzidzidzi, makina osokera n'kugwa. Wayilesi inali itangolengeza kuti akazi awo anali moyo, pamsasa wina wa othawa nkhondo kumwera. Ananyamuka m'mawa mwake, buluku langa lili mwendo umodzi wosasoka.

Atabwera nawo, anadzandipatsa moni monga mwa ulemu. Anali mayi wochepa thupi, wosayankhula zambiri. Anaima pakati pa chipinda, nayang'ana uku ndi uku pofuna pokhala. Amuna awo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kudenga.

Mayiwo anapukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje, nakhala pa sipika.