Bala la Mphaka ndi Mwendo wa Azakhali

Chaka chomwe ndinali Fomu 2, azakhali anga, alongo awo a bambo, anabwera kudzakhala nafe kuchokera ku Bowe. Anali ndi chilonda pamwendo wakumanzere chomwe sichinkapola chifukwa cha matenda a shuga. Tsiku lonse ankakhala pakhonde n'kumasoka fodya, mwendo atautambasula pamphasa.

Nyengo yomweyo mphaka wathu wakuda, amene ankatigwirira makoswe m'nkhokwe, anabwera akutsimphina. Munthu wina anamutema ndi chikwanje atamupeza pakhola la nkhunda zake. Bala linali pamwendo wakumbuyo, wakumanzere.

Nkhani ndinaimvera pamjigo. Mayi wina woyandikana nafe anandifunsa akuseka, "Odwala anu awiri aja adzuka bwanji? Akuti anatemedwa ndi chikwanje chimodzi." Anzake sanaseke. Kwathu kuno aliyense amadziwa zomwe zimanenedwa, kuti ukavulaza mphaka wa mfiti, m'mawa mwake mwini wake amadzuka ndi bala. Palibe amene anafuna kukumbukira kuti azakhali anachita kubwera nacho chilonda chawo. Ana anasiya kudutsa pakhomo pathu, ndipo ena anayamba kuuza bambo kuti awabweze alongo awo ku Bowe, komwe kunalibe wowasamala.

Ine ndinaganiza kuti mphaka akachira chilonda cha azakhali chikadalipo, anthu aona okha kuti ziwirizi n'zosagwirizana. Ndikaweruka kusukulu ndinkamutsuka ndi madzi amchere n'kumupaka jivi, mankhwala a zilonda aja. Koma ndikangotembenuka ankayamba kunyambita, lilime lonse kuda ndi mankhwala, bala n'kutsegukanso. Ndikamumanga kansalu ankakachotsa ndi mano. M'kalasi maganizo anga ankangokhala pa lilime limenelo.

"Musiye, mwanawe," anatero azakhali tsiku lina. "Malovuwo ndiwo mankhwala ake."

"Ayi, azakhali. Aphunzitsi a bayoloje anati kunyambita kumasupula kakhungu katsopano."

"Nanga ine amene sindinyambita changachi, bwanji sichikupola?" Anaseka, ine kuseka kunandikanika.

Komabe ndi iwo omwewo amene anadula chigubu chakale cha mafuta ophikira, n'kusokerera nsalu m'mphepete kuti chisamucheke mphaka. Tinamuveka m'khosi, lilime silinafikenso pabala. Ankayenda chammbuyo, akugunda zitseko ndi miphika.

"Taona abusa athu, avala kolala," anatero azakhali. "Lamulungu lino alalikira za makoswe."

Zoti akudziwa zomwe anthu ankanena sanandiuzepo, ndipo ine sindinawafunse.

Bala la mphaka linauma, ubweya n'kuyamba kumera. Ndinamunyamula dala mpaka pamjigo kuti onse amuone. Anamuonadi. Koma sabata yomweyo mwendo wa azakhali unatupa kwambiri, bambo n'kuwatengera kuchipatala ku Madisi. Azakhali kwathu sanathamangitsidwe, koma sanabwerenso amoyo.

Panopa mayi uja akuti azakhali anasiya thupi lodwala n'kutsalira mwa mphaka, n'chifukwa chake mphakayo anachira. Ine sindikhulupirira zimenezo, ndipo ndikulimbikira sukulu kuti ndidzakhale namwino wodziwa kupoletsa zilonda zotere. Chigubu chija ndinachipachika kuchigafa cha fodya, ndikulephera kuchitaya.

Masana mphaka amagona pakhonde, pamalo pomwe pankakhala mphasa ija, atatambasula mwendo wakumanzere. Pali malo ambiri amthunzi pakhomo pathu, koma iye amasankha pomwepo. Nthawi zina ndikamachokera kusukulu, akandiyang'ana, ndimangozindikira ndapinda kale maondo, monga ndinkachitira popereka moni kwa azakhali.