A Chigamba ndi Wapakavalo Womaliza

Amene sawadziwa amati a Chigamba ndi mayi wamwano. Bodza lenileni. Wamwano amatukwana aliyense wodutsa. A Chigamba amatukwana amene wayamba dala, ndipo oyamba dala m'tauni muno ndi ambiri.

Dzinalo anawapatsa ndi madalaivala. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akhala akumata matayala pakona pa msewu wa kudepoti, chichokereni amuna awo, amene anawasiyira kompulesa yakale ndi ana awiri n'kukayamba moyo wina kwa mkazi wina. Palibe anawaphunzitsa. Anaphulitsa machubu angapo, chala chimodzi chinapindika, basi ntchito anaidziwa.

Munthu mmodzi yekha amene sanamukwezerepo mawu ndi achimwene awo aakulu, a Kalipentala. Bambo ameneyo Loweruka lililonse ankapita kuchipinda cha kuseri kwa malo ometera tsitsi, kumene madoda asanu ndi mmodzi amasewera nkhondo patebulo: madayisi, tepi yoyezera, mapiri a makatoni, ndi tiasilikali totalika ngati chala chamanthu. Anzawo ankagula tapulasitiki. A Kalipentala ankasema okha. Anali ndi apakavalo khumi ndi awiri, aliyense lupanga m'mwamba, mpaka zingwe za pakamwa pa kavalo zikuoneka.

Kenako sitiroko inawagwetsa pabenchi. Dzanja lamanja linafa, pakamwa panapotoka. Ali m'chipatala, a Tcheya a gulu lija, munthu wosatha ngakhale kusongola pensulo, akuti ankakonza pashelefu yosungira tiasilikali m'chipinda chija. Anasesera apakavalo m'katoni ya zinyalala. Ati ankaona ngati ndi zoseweretsa za ana. Za ana! Anapulumuka mmodzi yekha, amene anali m'thumba la ovolosi tsiku logwalo.

Atapezako bwino, a Kalipentala anapita ndi ndodo yawo kukakhala patebulo. A Tcheya anatsegula buku la malamulo.

"Gulu la apakavalo ndi khumi ndi awiri, bambo. Mmodzi si gulu. Koma kuonerera, onererani, mpando ulipo."

Wina anafuna kuwabwereka apulasitiki. A Kalipentala anangopukusa mutu n'kubwerera kunyumba, ndipo masiku atatu sanatuluke m'chipinda.

A Chigamba atamva, anasiya tayala la lole lili chigonere. Anakalowa pometera paja ndi chitsulo chovulira tayala m'manja, mpaka wometa anazimitsa makina.

"Inu a Tcheya, mpando wanuwo mukhalepo nokha ndi mimba yanuyo! Loweruka likubwerali khumi ndi awiri aima patebulo pano, ndipo mudzawawerenga mokweza ngati mwana wa sukulu!"

Kulumbira n'kosavuta. Nzeru yawo inali yopanga chikombole cha wapakavalo wotsalayo n'kuumbiramo ena khumi ndi mmodzi. Vuto linali lakuti chikombole chimene a Chigamba anachionapo pamoyo wawo ndi cha njerwa basi. Anapita kwa mnzawo wowongola mabodi a galimoto, amene anawapatsa silikoni wothira, uja akauma amakhala ngati labala, rezini wothira m'chikombole kuti aume gwa ngati pulasitiki, ndi malangizo.

"Kadoliko mukakwirire theka m'dongo, m'kabokosi. Thirani silikoni. Akauma, tembenuzani, chotsani dongo, dzozani vasilini, ndiye muthire theka linalo. Mafutawo musaiwale, mayi. Silikoni akakumana ndi mnzake popanda mafuta amagwirana mpaka kalekale."

"Ndamva. Sindine mwana."

Chovuta chinali kupempha kadoliko.

"Achimwene, ndibwerekeni kavalo wanuyo masiku atatu."

A Kalipentala anamufumbata kudzanja lamanzere nthawi yaitali. Mawu awo tsopano ankatuluka limodzilimodzi. "Achemwali, ndi yekhayu."

"Kuwerenga ndimadziwa. Bweretsani."

Theka loyamba linatuluka bwino kwabasi. Lachinayi m'mawa anachotsa dongo, anatsegula botolo la vasilini, ndipo nthawi yomweyo galimoto inaima pakona, tayala lakumbuyo litaphwa. Omata matayala m'tauni muno ndi mbwee, koma satana anasankha pamenepo. Anatsika a Tcheya, n'kusuzumira m'kabokosi.

"Kodi mayi, mwasiya matayala, mwayamba kuumba tidoli? Tiitanitse angati?"

Zimene anamva a Tcheya tsiku limenelo sizilembeka. Anauzidwa za mimba yawo, za dazi lawo, za buku lawo, ndi kumene angaliike bukulo. Anachoka tayala lili chiphwereni, likulira pwatapwata mumsewu. A Chigamba anabwerera patebulo pakamwa pakutukwanabe, anasakaniza silikoni n'kuthira.

Lachisanu m'mawa anaphwasula kabokosi. Munatuluka chibuma chabuluu ngati sopo wochapira. Anakoka mbali iyi, anakoka mbali iyo, mzere wa pakati osaoneka. Atacheuka anaona botolo la vasilini lili chitsegukire, pamwamba pali see, popanda ngakhale chidindo cha chala.

Anakhala pansi patayala. Aka kanali koyamba m'zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kuti asowe womutukwana. A Tcheya anataya khumi ndi mmodzi, inde. Koma womalizayu, amene dzanja lija silidzasemanso, anamukwirira ndi iwo eni. Mpeni wodulira zigamba unali pomwepo, wakuthwa bwino, koma m'chibumamo simunkaoneka kanthu. Lupanga lili kuti? Mutu uli kuti? Kungolakwitsa kamodzi, khosi ladukiratu.

Anatseka ntchito dzuwa lili pamutu, anakaika chibumacho patebulo pa achimwene awo.

"Ali m'menemo. Ndinaiwala mafuta. Nditukwaneni."

A Kalipentala anachiyang'ana, anayang'ana mlongo wawo. "Mumakalipira ndani?"

"Zilibe ntchito zimenezo."

"A Tcheya?"

"Ndati zilibe ntchito!" Anadzigwira pakamwa. Anali atawakwezera mawu.

Koma a Kalipentala ankaseka, kuseka kwa mbali imodzi kuja. Anapempha pensulo. Anapapasa chibumacho mpaka anapeza kabowo kothirira rezini, kamene kanali kumapazi a kavalo, ndipo ndi dzanja lamanzere anayamba kulemba mizere yokhotakhota. Apa mchira. Apa mutu. Apa lupanga, lopendekera kumanja pang'ono. Anamusema okha, ankamudziwa ngati m'thumba mwawo.

"Dulani apa. Mokhotakhota, ngati mano a sowo. Zizidzalumana potseka."

Kenako ananyamula dzanja lawo lakufa lija n'kulisanjika pamwamba pa chibuma kuti chisasunthe. "Nalonso ligwireko ntchito."

A Chigamba anadula. Mayi amene amavula tayala la lole ngati akusenda nthochi, thukuta linali kamukamu chifukwa cha kamtengo kochepa ngati chala. Anakanula pang'ono, anadula pang'ono. Mchira unaoneka. Mwendo. Lupanga lonse lathunthu. Ndiye mpeni unagunda kanthu, kuti tse.

Khutu la kavalo laduka.

"Manja anga opusawa! Manja a matayala!"

A Kalipentala anamutulutsa wapakavalo, anamuzunguza pa kuwala kwa pawindo. "Wapita kunkhondo, wabwerako. Thirani enawo."

Atabwerera pakona paja n'kuthira rezini, atatu oyamba anatuluka opanda nkhope, thovu la mpweya litadya mphuno ndi maso. A Chigamba anawaponya kutsidya kwa msewu. Kenako anaganiza zawozawo: anamanga chikombole ndi malamba a chubu, anachiika pamwamba pa kompulesa n'kuiliza. Chimakina chokalambacho chimanjenjemera ngati chili ndi malungo, ndipo thovu lonse linakwera pamwamba. Wachinayi anatuluka ndi zingwe za pakamwa zomwe, makutu onse awiri ali njo, popeza chikombole chinawajambula mpeni usanafike.

Loweruka masana anawandandalika patebulo: khumi ndi mmodzi achikasu, akununkhabe rezini, ndipo kutsogolo kwawo wamtengo wa khutu limodzi.

A Tcheya, amene anabwera wapansi, anakhosomola. "Komatu sanapentedwe."

"Tsegulani buku lanulo, mundionetse pamene analemba penti. Palibe? Werengani ndiye. Mokweza!"

Anawerenga. Anafika pa khumi ndi awiri wometa ataima pakhomo ndi lumo m'manja.

A Kalipentala anakoka mpando, osati woonerera uja ayi, n'kutola madayisi ndi dzanja lamanzere. A Chigamba malamulo a masewerawo sawadziwa mpaka lero, koma anaima kumbuyo kwawo masana onse akukalipira aliyense woyandikira kavalo wa khutu limodzi.

Za khutulo sanadzikhululukirebe. Botolo la vasilini analimangirira ndi waya pa kompulesa, ndipo mukawafunsa kuti n'lachiyani, konzekani kukamatitsa tayala lanu kwina.